Mchenga wa mu Lingadzi

Pokonza Lilongwe kuti akhale likulu la dziko m'malo mwa Zomba, zomwe zinatheka mu 1975, akatswiri anasiya dala nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre. Anaganiza bwino, koma anateteza kachigawo chabe ka mtsinje wautali. Mchenga wa m'magombe umasunga madzi m'chilimwe, ndipo ng'ona zimaikiramo mazira. Ena amati anthu okumba mchenga m'magombemu akungofuna ya ufa, komanso nyumba zambiri za mumzindawu zinamangidwa ndi mchenga wa m'mitsinje. Nzoona ndithu. Komabe magombe akagumuka kumtunda, matope ndi madzi osefukira, ngati omwe anazunza anthu a ku Mtandire mu 2017, saima pa mpanda wa nkhalangoyi.