Nyanja ya Nyenyezi: phwando lomwe ena tinayamba kulimvera kunja kwa mpanda

Kumapeto kwa September 2013 ndinali Fomu 3, ndipo ine ndi anzanga awiri tinayenda wapansi kuchoka ku Kawale mpaka ku City Centre kukamvera nyimbo zomwe sitinalipire. Chaka chimenecho Lake of Stars inasiya nyanja n'kubwera m'tauni, pa Sanctuary Lodge, ndipo inkatchedwa City of Stars. Ya tiketi tinalibe, ngakhale ya minibasi yobwererera kunalibe. Tinangokhala m'mbali mwa msewu, chimanga chootcha kumanja, n'kumamvera ng'oma ndi magitala zikudumpha mpanda. Titabwerera kunyumba usiku, mayi anali atakhala pakhonde, ndipo zomwe zinachitika pamenepo tizisiye kaye.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndi funso limodzi: kodi phwando lotchuka chonchi, lomwe dzina lake lafika mpaka m'manyuzipepala a ku London, ndi la ndani kwenikweni? Kuti tiyankhe bwino, tiyambe ndi kumene linachokera.

Chizolowezi chosonkhana panja masiku angapo, kugona m'matenti ndi kumvera magulu oimba motsatizana chili ndi agogo ake. Wodziwika kwambiri ndi Woodstock, yomwe inachitika kuyambira pa 15 mpaka pa 18 August 1969 pa famu ya ng'ombe zamkaka ya Max Yasgur ku Bethel, m'chigawo cha New York. Anthu anafika oposa 400,000. Okonza phwandolo anali asanamalize kumanga mpanda ndi malo ogulitsira matiketi, ndiye ataona chinamtindi cha anthu anangolengeza kuti aliyense alowe ulere. Mvula inagwa, matope anali ponseponse, ndipo Jimi Hendrix anatseka phwandolo Lolemba m'mawa, ambiri atanyamuka kale. Chaka chotsatira, mu 1970, mlimi wina wa ku England, Michael Eavis, anayambitsa lake lomwe lero timalidziwa kuti Glastonbury. Tiketi inali paundi imodzi, ndipo ankakupatsa mkaka waulere.

Nanga kuno kwathu nthawi imeneyo zinali bwanji? Malume anga, omwe unyamata wawo anaudyera ku Biwi, amaseka ndikawafunsa. Iwo amati, "Iwe mphwanga, Woodstock pa Malawi? Akanatimeta tonse pageti." Sakunama. Mu 1968 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo loti nyimbo, mabuku, mafilimu ndi zisudzo ziziyamba zaunikidwa ndi bungwe la boma. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe: akazi osavala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo, amuna osasunga tsitsi lalitali. Alendo a tsitsi lofika m'mapewa ankametedwa pa bwalo la ndege asanalowe m'dziko. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo kanema kunalibe mpaka 1999. Pomwe anzathu a ku Zambia ankavina Zamrock ya magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family m'zaka za m'ma 1970, ife gitala yathu inkayenera kuyenda mwaulemu.

Ndiye mukamaona zithunzi za atsikana ovala makabudula akuvina pamchenga ku Mangochi, dziwani kuti zimenezo zili ndi mbiri yake. Zinatheka chifukwa cha riferendamu ya pa 14 June 1993, kuchotsedwa kwa lamulo la kavalidwe chaka chomwecho, ndi chisankho cha 1994. Popanda zimenezo, nkhani yomwe ndikulembayi sikanakhalapo.

Tsopano Lake of Stars yeniyeniyo. Mu 1998 mnyamata wina wa ku England, Will Jameson, anabwera ku Malawi kudzagwira ntchito yongodzipereka ndi bungwe loona za chilengedwe. Pobwerera kwawo anatenga paketi ya Chibuku ngati chikumbutso. Inde, Chibuku chomwechi, chomwe ku Mgona ndi ku Chinsapo amachikhutchumula asanatsegule. Ali pa yunivesite ku Liverpool, iye ndi anzake anayambitsa usiku wa zovinavina mu 2000 n'kuutcha Chibuku Shake Shake. Zinayenda, dzina linamveka, ndipo anadziwana ndi ma DJ akuluakulu a ku Britain. Apa m'pamene ganizo linabwera loti awatengere ku nyanja komwe dzinalo linachokera.

Phwando loyamba linachitika mu 2004 ku Chintheche Inn m'boma la Nkhata Bay. Kunafika anthu pafupifupi 700, ndipo mlendo wamkulu anali Andy Cato wa gulu la Groove Armada. Dzina loti Lake of Stars si la Jameson ayi. Amati linachokera kwa David Livingstone, yemwe anafika pa nyanjayi mu 1859, ndipo limanena za nyali za asodzi zomwe usiku zimaoneka ngati nyenyezi zagwera pamadzi. Aliyense amene anagonapo ku Senga Bay nthawi ya usipa akudziwa zomwe ndikunena.

Kuchoka apo phwandoli linakhala loyendayenda. Litakhala zaka zingapo ku Chintheche, mu 2008 linasamukira ku Senga Bay m'boma la Salima, kenako ku Nkopola Lodge ku Mangochi kuyambira 2009 mpaka 2011. Zaka za ku Nkopola ndi zomwe ambiri amazikumbukira ngati pachimake. The Maccabees anabwera mu 2009, malemu Oliver Mtukudzi ndi Noisettes mu 2010, Foals ndi Freshlyground mu 2011. Tangoganizani chaka cha 2011 chija: mafuta kulibe, magalimoto akugona pa filling station, dziko likadali pa chisoni cha anthu omwe anaphedwa pa zionetsero za pa 20 July, koma gulu la rock la ku Oxford likuimba pamchenga wa ku Mangochi, pa phwando limodzi ndi Black Missionaries a ku Chileka.

Mu 2012 phwando linapuma. Mu 2013 ndi pomwe linabwera ku Lilongwe kuja. Linabwereranso ku Nkopola mu 2014 ndi 2015, ku Chintheche mu 2016, linapumanso mu 2017, kenako mu 2018 linachitikira ku Kabumba Hotel ku Salima, komwe kunabwera Major Lazer ndi Sauti Sol. Mu 2019 linali ku Kachere Kastle, kufupi ndi komwe linabadwira. Kenako Covid-19 inatseka zonse, ndipo panapita zaka zisanu lisanabwerenso, mu September 2024, ku Fish Eagle Bay m'boma la Nkhotakota.

Ine ndinalowa koyamba mu 2018, ndili chaka chachitatu ku koleji. Tinasonkherana anthu anayi kwa miyezi itatu, wina anagulitsa foni, tenti tinabwereka. Ndisaname, ndinasangalala. Koma chomwe chinandikhalira m'mutu si Major Lazer ayi. Ndi anyamata a m'midzi yozungulira omwe anaima panja, ena akugulitsa ziboliboli ndi nsomba zowamba, ena angoima basi, makutu ali tcheru. Ndinawazindikira msanga chifukwa zaka zisanu m'mbuyomo ndinali ine.

Apa ndi pomwe pagona mkangano, ndipo ndi wakale ngati phwando lenilenilo. Kwathu kuno ambiri ankati, "Zimenezo ndi za azungu ndi ana a ku Area 10." Ukawerengera tiketi, thiransipoti yopita ku Mangochi kapena ku Chintheche, pogona ndi chakudya cha masiku atatu, mnyamata wa kabaza wa ku Area 23 sangayerekeze n'komwe. Komanso pali chinthu china chowawa chomwe sitikonda kuchitchula: ambirife tinabadwira makilomita ongopitirira 100 kuchokera ku nyanja, koma tinakaiona koyamba titakula, mwina pa ulendo wa sukulu. Mlendo wochokera ku Manchester ankaidziwa nyanja yathu kuposa ife.

Koma mbali inayo nayonso ili ndi mfundo, ndipo sindikufuna kuibisa. Kubweretsa gulu loimba kuchokera kunja kumafuna madola: ndege, zida, majenereta, zimkuzamawu. Ndalama zolowa ndi makwacha, omwe anagwetsedwa mphamvu mu May 2012, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Woodstock yomwe ija, itatsegula geti ulere, inasiya eni ake m'ngongole zomwe anavutika nazo zaka zambiri. Zaulere zimakoma, koma pamakhala wina amene walipira. Komanso masiku atatu amenewo amayi ogulitsa mandasi, eni malo ogona, oyendetsa mabwato ndi osema ziboliboli amapeza ndalama yomwe sangaione mwezi wamba.

Ndiye tikati Lake of Stars yasiya chiyani, ine ndimaona zinthu zitatu.

Choyamba, inaonetsa kuti n'zotheka. Kale shoo kwa ife inali ya masana amodzi ku Lilongwe Golf Club kapena usiku umodzi m'bala, gulu limodzi kapena awiri, mawaya akuthetheka. Mu 2010 malemu Lucius Banda, Soldier, anayambitsa Sand Music Festival, phwando la pamchenga lokonzedwa ndi Amalawi, lomwe linakoka anthu omwe ku Lake of Stars ankadziona ngati alendo. Busy Signal atabwera ku Salima mu 2015, minibasi za ku Lilongwe zinadzaza ndi mafana a m'makomboni omwe dancehall ndi chakudya chawo. Soldier anatisiya pa 30 June 2024, koma njira yomwe analambula ikadalipo.

Chachiwiri ndi Tumaini. Mu 2014 mlakatuli wochokera ku Congo, Trésor Mpauni, yemwe ambiri timamudziwa kuti Menes la Plume, anayambitsa phwando mkati mwa kampu ya anthu othawa kwawo ya Dzaleka ku Dowa. Kulowa n'kwaulere. Malo amenewa nthawi ya Kamuzu anali ndende ya andale, ndipo anasanduka kampu mu 1994. Pamalo pomwe anthu ankatsekeredwa chifukwa cha zolankhula zawo, lero anthu zikwizikwi amasonkhana kudzamvera alakatuli ndi oimba a ku Congo, Burundi, Rwanda ndi Malawi. Mukandifunsa komwe mzimu wa Woodstock unafikira kuno kwathu, sindiloza ku nyanja. Ndiloza ku Dowa, pa fumbi, ulendo wa ola limodzi kuchokera mu depoti.

Chachitatu ndi chomwe chimandisangalatsa komanso kundichititsa manyazi. Mapwando amenewa anatikakamiza kumvetseranso nyimbo zathu zomwe tinkazinyoza. Babatoni, chida chija cha waya umodzi ndi chikopa cha ng'ombe, tinkachiona ngati cha anthu opemphetsa pamsika. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anachitengera ku Ulaya. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anaimba m'misewu ya Lilongwe zaka zambiri ife tikuwadutsa, mwina kuwaponyera K50. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo mu 2025 anakwera siteji ku Glastonbury, pa famu ya Michael Eavis yomwe ija. Esau Mwamwaya, yemwe anakulira mu Lilongwe momwemu, anaimba Chichewa ndi gulu la The Very Best mpaka dziko linamva. Funso ndi lakuti, n'chifukwa chiyani timadikira kuti mlendo ayambe wavina ndiye ife tidzuke pampando?

Sindikunena kuti Lake of Stars ndiyo inapanga oimba onsewa. Luso linalipo kale, kuyambira kwa a Daniel Kachamba, Allan Namoko, mpaka kwa Evison Matafale. Chomwe phwandoli linachita ndi kutsegula zenera, kuti akunja asuzumire mkati, ifenso tisuzumire kunja. Wachinyamata amene anaonapo momwe siteji imamangidwira, momwe mawu amayesedwera gulu lisanakwere, momwe ndandanda wa oimba umasungidwira, sabwerera chimodzimodzi. Ena mwa omwe lero akukonza mashoo m'tauni muno anayambira kunyamula mawaya pamchenga.

Komabe ngongole ilipo, ndipo si ya Will Jameson. Ndi yathu. Lilongwe ili ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ku Chinsapo, Area 25, Area 23, Mgona, Kawale ndi Biwi. Kumeneku ndi komwe kuli masitudiyo a chipinda chimodzi, makwaya oyeserera pansi pa mtengo, ana opanga magitala a zigubu za mafuta. Koma mwana wa kumeneku akafuna kuona gulu loimba ndi zida zenizeni, nthawi zambiri ayenera kulowa m'bala momwe saloledwa, kapena kudikira msonkhano wa ndale. Mabwalo a mpira tili nawo, mabwalo a sukulu tili nawo. Chomwe chikusowa ndi anthu oti akhale pansi, apemphe chilolezo ku khonsolo, agogode kwa amalonda a m'dera, n'kuyamba ndi siteji imodzi Loweruka limodzi. Phwando la ku Chintheche linayamba ndi anthu 700. La ku Dzaleka linayambitsidwa ndi munthu yemwe analibe ngakhale ufulu wogwira ntchito kunja kwa kampu.

Mwezi wathawu mwana wa achemwali anga, wa zaka 15, anandipeza ndikuonera vidiyo ya Madalitso Band pa YouTube. Anaonera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti, "Ankolo, amenewa ndi a dziko liti?" Ndinamuuza kuti ndi a konkuno, ankaimba m'misewu yomwe iye amadutsa popita ku tauni. Sanakhulupirire. Ndamulonjeza kuti Tumaini ikubwerayi tipita limodzi, ndipo ya minibasi ndayamba kale kusunga.