Hash: chidindo cha fayilo

Mawu akuti hash anachokera ku mawu a Chifalansa akuti hacher, kutanthauza kuduladula. Pa kompyuta, hash ndi mndandanda wa zilembo ndi manambala womwe umatuluka pulogalamu ikawerengera zonse zomwe zili m'fayilo. Njira ya SHA-256 imatulutsa zilembo ndi manambala 64, kaya fayiloyo ndi kalata ya tsamba limodzi kaya ndi pulogalamu yonse ya Ubuntu. Mukangosintha kadontho kamodzi m'katimo, mndandanda wonse umasinthiratu. Uli ngati chidindo cha chala: umakuuzani kuti fayilo ndi yomwe ija, koma simungapangenso fayiloyo kuchokera pa mndandandawo.

Pa Linux mumalemba sha256sum ndi dzina la fayilo, n'kuyerekeza zotulukazo ndi zomwe eni ake anasindikiza. Zikasiyana, musaiike m'kompyuta yanu.

Komatu hash payokha siikuuzani amene anailemba, ndipo apa m'pamene ambiri amalekerera. Mu February 2016 akuba analowa pa webusaiti ya Linux Mint n'kumatumiza anthu ku kope la Linux Mint lomwe anabisamo khomo lolowera. Wakuba wofika pamenepo angathenso kusintha hash yolembedwa patsambalo. Pofuna kupewa zotere, Debian imasaina fayilo yake ya Release, yomwe imasunga ma hash, ndi kiyi ya OpenPGP, ndipo pulogalamu yake ya apt imayamba yatsimikizira sainiyo isanaike kanthu.

Nazo njira zina za hash zimakalamba. Mu 2017 akatswiri a Google ndi a CWI ku Amsterdam anaonetsa mafayilo awiri a PDF osiyana koma okhala ndi hash imodzimodzi pa njira ya SHA-1.