Mayeso a Sukulu za Kwacha m'Dera la Fodya la Chisemphere

Boma linayamba kulowererapo pa ntchito yophunzitsa anthu akuluakulu kulemba ndi kuwerenga m'chaka cha 1947, pamene atsamunda, mothandizana ndi bungwe la UNESCO, anayesa maphunziro a anthu a kumudzi ku Mponela m'boma la Dowa. Koma nkhani yowerengera ophunzira inafika pachimake m'chaka cha 1986, boma litakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya sukulu za kwacha, yomwe inatsatira ntchito yoyeserera ya zaka za 1981 mpaka 1985. Cholinga chinali chakuti pofika 1995 anthu 2 miliyoni akhale atadziwa kulemba, kuwerenga ndi kuwerengera, ndipo chiwerengerochi sichinafikidwe.

Muyeso wa ndondomekoyi unali wosavuta kuulemba papepala. Wophunzira ankayenera kukhala m'kalasi miyezi 10, kenaka n'kulemba mayeso, ndipo akakhoza ankapatsidwa satifiketi yomwe inkayerekezedwa ndi maphunziro a Sitandade 4 kupulayimale. Mlangizi wa kalasi, amene ankasankhidwa m'mudzi momwemo n'kumalandira kandalama kongomuthokoza, ankasunga kaundula wa obwera ndi ojomba, n'kupereka ziwerengero kwa alangizi a chitukuko cha m'midzi, amene ankazitumiza kuboma mpaka zikafike ku Lilongwe.

Kumpoto kwa Kasungu, m'madera ngati Chisemphere, miyezi 10 yotsatizana inali chinthu chosowa, pakuti chaka cha mlimi wa fodya chili ndi kalendala yakeyake. Nazale imafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo mvula isanagwe, kuwokera kumadza ndi mvula yoyamba, kenaka kuthyola, kusoka ndi kupachika masamba m'chigafa, ndipo kusankha ndi kudinda mabelo kumatenga banja lonse, makamaka amayi, amene ndiwo akhala ochuluka m'makalasi a kwacha kuyambira kale. Matenanti, ndiko kuti mabanja olima fodya pamunda wa mwini esiteti amene ankawakongoza chakudya ndi feteleza n'kudzawadula pa malipiro fodya akagulitsidwa, ankabwerera kwawo kapena kusamukira ku esiteti ina nyengo ikatha, kotero kuti dzina lolembedwa m'kaundula kumayambiriro silinkapezekanso pa tsiku la mayeso. Panalinso vuto la chiyankhulo: mabuku ndi mayeso zinali m'Chichewa, chomwe chinakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, pomwe mabanja ambiri a dera lino amayankhula Chitumbuka pakhomo, choncho mayeso ankayesa zinthu ziwiri nthawi imodzi ngakhale kuti malikisi ankalembedwa ngati a chinthu chimodzi.

Chimene kaundula sankatha kuchigwira ndicho chimene ophunzira eni ake ankachitsata. Mayi amene kale ankadinda chala pa inki polandira ndalama, tsopano n'kugwira cholembera ndi kulemba dzina lake pang'onopang'ono anthu akuona, anali atapeza chomwe anadzera ngakhale asanalembe mayeso. Chimodzimodzinso tenanti amene watha kuwerenga nambala ya pa sikelo n'kuifananiza ndi zolembedwa m'buku la ngongole la kapitawo, kapena mlimi wotha kutsatira ndalama zodulidwa pa pepala lochokera ku okushoni ya ku Chinkhoma. M'malipoti anthu otere ankaoneka ngati osiyira panjira, pomwe ena amene anayambapo pulayimale ali ana ankakhoza mosavuta n'kuwerengedwa ngati zipatso za sukulu ya kwacha.

Njira ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid linaifalitsa m'zaka za m'ma 1990, inayesa kuyambira pa mavuto a ophunzira eni ake m'malo mwa buku, koma chiwerengero cha okhoza mayeso chinakhalabe muyeso waukulu wa boma. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse anthu 68.6 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo amadziwa kulemba ndi kuwerenga.