Okondedwa a M'mabuku: Mbiri ya Kuŵerenga kwa Achinyamata ku Mtakataka

Nkhani ya lero ikuchokera kuchigwa cha Mtakataka, m'boma la Dedza, kumene mapiri amatsetserekera kunyanja ya Malaŵi, ndipo midzi ya Golomoti, Mua ndi Mtakataka inandandalika m'mbali mwa njanji yopita ku Salima. Mutu wake ndi chinthu chimene akuluakulu ambiri amachikumbukira bwino, ngakhale sachitchula pagulu: kuti pa unyamata kapena pa utsikana wawo anakondapo munthu amene sanabadwe kwa mayi, munthu wa m'buku. Mnyamata ankagona akulingalira za namwali amene anakomana naye pa tsamba, ndipo mtsikana ankayesa anyamata a m'mudzi ndi muyeso wa mnyamata wa m'nkhani. Ena angati zimenezi n'zachibwana. Komabe wofuna kudziŵa mmene maganizo a achinyamata pa za chikondi ndi ukwati anasinthira m'zaka zana zapitazi, ayenera kuyamba wafunsa kuti anthu amene achinyamatawo ankaŵakonda m'nkhani anali otani.

Mabuku asanafike, anthu opeka analipo kale. Madzulo, nsima itadyedwa, agogo ankayamba ndi mawu akuti "Padangotero", ana n'kuvomera kuti "Tili tonse". M'nthano zimenezi anyamata ankasirira Kalulu, kanyama kakang'ono kogonjetsa Njovu ndi Fisi ndi nzeru zokha. Ana onse ankamvera chisoni Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene ankayenera kuthaŵa mvula isanamugwere. Koma nthano imene inkalunjika kwa anamwali inali ya mtsikana wokana amuna onse a m'mudzi, amene pambuyo pake analola mlendo wokongola wosadziŵika kwawo, ndipo atafika naye kutali anazindikira kuti wakwatiwa ndi chilombo. Phunziro lake linali lomveka: maso amanyenga, ndipo mwamuna wopanda ankhoswe odziŵika ndi woopsa. Gule wamkulu nayenso ankalangiza mwa njira yomweyo, kudzera m'zilombo monga Simoni ndi Maliya, ndipo mbiri ya zilombo zambiri zotere inasonkhanitsidwa ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa ku Mua m'chaka cha 1976.

Kuŵerenga kunadza ndi mishoni. Angoni a Kachindamoto atatsika kumapiri ndi kukhazikika ku Mtakataka m'zaka za m'ma 1890, sipanapite nthaŵi yaitali ansembe a chipani cha White Fathers anafika. Anatsegula mishoni ya Mua m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe m'chaka cha 1902, ya Mtakataka m'chaka cha 1908, ndi ya Bembeke, pamwamba pa mapiri, m'chaka cha 1910. M'sukulu za m'midzi mwana ankaphunzira zilembo kuti athe kuŵerenga katekisimu ndi mbiri za m'Baibulo. Choncho anthu oyamba amene ana a m'chigwachi anaŵakonda pa tsamba anali Yosefe, wogulitsidwa ndi abale ake, Davide, mbusa wamng'ono woponya mwala, ndi Rute, mkazi wamasiye wosasiya apongozi ake. Ansembewo ankakambanso za anyamata a ku Uganda amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro m'chaka cha 1886, ndipo dzina la Kizito, wamng'ono mwa onsewo, linaloŵa m'mabanja ndi m'masukulu a Akatolika. Kutsidya kwa mapiri, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anali ndi makina awo osindikizira ku Nkhoma, ndipo Buku Lopatulika linatuluka m'chaka cha 1922.

Ku Nkhoma komweko kunachokera buku limene linatsegula njira yatsopano. M'chaka cha 1933 mphunzitsi Samuel Josia Ntara analandira mphotho pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zilankhulo ndi miyambo ya mu Afrika chifukwa cha buku lake lotchedwa Nthondo. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa. Nthondo sanali woyera mtima ngati anthu a m'katekisimu. Anali mnyamata wa m'mudzi wa Acheŵa, wopulupudza ndi wakuba, amene anapita kukafuna ntchito kum'mwera, navutika, nabwerera kwawo, ndipo potsiriza anatembenuka mtima ndi kukhala mfumu. Kwa nthaŵi yoyamba woŵerenga anaona pa tsamba munthu wodya nsima imene iye amadya ndi wolakwa zolakwa zimene iye amazidziŵa.

Bukuli linafika pa nyengo yake. M'chaka cha 1935 njanji inafika ku Salima, itadzera ku Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka, ndipo ulendo wa ku Harare ndi ku Joni unafupika. Mnyamata woŵerenga za Nthondo ankaona achimwene ake akukwera sitima, ena n'kubwera ndi njinga ndi sutikesi, ena n'kusanduka machona. Ngwazi ya nthaŵi imeneyo inali munthu wa paulendo, ndipo funso la atsikana linali lakuti kodi wopitayo adzabwerera kwa amene anamusiya.

M'chaka cha 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa ku Lusaka bungwe lothandiza kusindikiza mabuku a m'zilankhulo za kuno, ndipo mabuku a Chinyanja anachuluka. Ntara anatulutsa Nchowa m'chaka cha 1949, buku limene mwini nkhani wake ndi mkazi. E. W. Chafulumira, mlembi wa Banja Lathu, analemba Kazitape ndi Kantini, ndipo Josiah Phiri analemba Kalenga ndi Mnzake. Alembi aŵa ambiri anali aphunzitsi, ndipo cholembera anachigwira monga ankagwirira choko. M'mabuku awo chikondi chinkayenda pamaso pa makolo, ankhoswe ndi mpingo. Wosamvera ankalangidwa, wolapa ankakhululukidwa. Komabe oŵerenga achinyamata sankatsata phunziro lokha. Kaŵirikaŵiri mtima wawo unkatsalira pa munthu wolakwayo, pakuti ndiye anali ndi moyo woposa onse m'nkhanimo.

Ufulu wa m'chaka cha 1964 unabweretsa nyengo ina. John W. Gwengwe anatulutsa Kukula ndi Mwambo, ndiponso Sikusinja ndi Gwenembe, nkhani ya abale aŵiri obwerera kwawo kuchokera kuntchito, m'mene wina apha mnzake chifukwa cha nsanje ya chuma, mbalame n'kuulula chinsinsicho ndi nyimbo. Ana a sukulu a m'maboma onse analira Sikusinja ngati mbale wawo. M'chaka cha 1968 Chicheŵa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko, ndipo kuyambira pamenepo chinaphunzitsidwa m'sukulu zonse. M'chaka cha 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chicheŵa Board loyang'anira kalembedwe kake. A Popular Publications ku Limbe, amene ankatulutsa kale magazini ya Moni, anayamba mndandanda wa mabuku a alembi a m'Malaŵi m'chaka cha 1974, ndipo kampani ya Dzuka inatsata pambuyo pake. M'chaka chomwecho cha 1974 boma linaimitsa ulendo wa Wenela, ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi itagwa ku Francistown. Pang'ono ndi pang'ono nkhani za m'mabuku zinachoka ku Joni n'kukhazikika ku Blantyre, ku Lilongwe ndi m'sukulu zogonera komweko.

Apa mpamene chikondi cha mnyamata ndi mtsikana chinakhala mutu weniweni wa nkhani. P. P. Litete analemba Mkwatibwi Wokhumudwa. Willie Zingani analemba Madzi Akatayika ndi Njala Bwana, ndipo Jolly Max Ntaba analemba Ikakuona Litsiro Sikata ndi Mtima Sukhuta. Ina mwa mitu imeneyi inatengedwa ku miyambi ya makolo, chizindikiro chakuti mlembi sanataye ndodo ya mlangizi, ngakhale anthu a m'nkhani zake tsopano ankavala nsapato ndi kulemberana makalata. Odziŵa Chingerezi anapeza Aubrey Kalitera, amene anatulutsa A Taste of Business m'chaka cha 1976, ndipo pambuyo pake ankadzisindikizira yekha mabuku monga Why Father Why ku Blantyre. M'chaka cha 1977 kampani ya Macmillan inayamba mabuku otchedwa Pacesetters, olembedwa ndi anthu a mu Afrika kaamba ka achinyamata a mu Afrika. Kudzera m'mabuku ameneŵa mwana wa ku Golomoti anadziŵa misewu ya Lagos ndi Nairobi asanaone ngakhale Zomba. Evbu My Love la Helen Ovbiagele wa ku Nigeria ndi For Mbatha and Rabeka la David Maillu wa ku Kenya anali m'gulu la okondedwa kwambiri, ndipo Mmalaŵi Dede Kamkondo analoŵa nawo m'mndandandawo ndi buku lake Truth Will Out.

Pali chifukwa chinanso chimene nkhani za chikondi zinachulukira m'zaka zimenezo. Lamulo la m'chaka cha 1968 linapatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa buku lililonse, ndipo mlembi wokhudza ndale ankaika moyo wake pa chiswe. Sam Mpasu anatsekeredwa ku Mikuyu m'chaka cha 1975 popanda kuzengedwa mlandu, atalemba buku lotchedwa Nobody's Friend. Alembi ena anaona kuti mtima wa namwali ndiwo munda umene angalime mosayang'ana kumbuyo.

Buku lenilenilo linali chinthu chosoŵa. Mwana wa sekondale akabwera nalo pa tchuthi, linkayenda dzanja ndi dzanja mudzi wonse, litakutidwa ndi pepala la nyuzi kuti lisang'ambike. Ankaliŵerenga usiku pa nyali ya koloboyi, kapena m'kalasi litabisidwa m'kati mwa buku la masamu, ndipo mphunzitsi akaligwira linkakhala mu ofesi mpaka mapeto a teremu. Nthaŵi zina masamba otsiriza ankakhala atathothoka, kotero kuti amene analiŵerenga likadali lathunthu ankasanduka wofunika ngati mboni pa bwalo la milandu. Mawu okoma a m'mabukuwo ankaloŵa m'makalata a chibwenzi, ndipo atsikana ankakangana pa chitsime kuti mwa anyamata aŵiri a m'nkhani woyenera kukwatira namwaliyo anali uti.

Mkangano wotere sunali wachabe. Ku Mtakataka, kumene Acheŵa a chikamwini ndi Angoni a malobolo akhala moyandikana kwa zaka zoposa zana, ukwati unali nkhani ya mabanja aŵiri, yokambidwa ndi atsibweni ndi ankhoswe. Mnyamata wa m'buku anabwera ndi khalidwe lachilendo: ankayamba wafunsa mtsikana mwini wake, namudikira kuti amalize sukulu. Namwali wa m'buku nayenso kaŵirikaŵiri anali namwino, mphunzitsi kapena mlembi wa mu ofesi, munthu wolandira malipiro akeake. Mtsikana wokonda anthu otere ankayamba kufunsa chifukwa chimene iye ayenera kuloŵa m'banja asanalembe mayeso. Makolo, pokumbukira nthano ya mlendo wokongola uja, ankaopa kuti mabuku akuzunguza ana mitu. Mantha awo anali ndi maziko, pakuti kufikira m'chaka cha 1993, pamene boma linalola kuti mtsikana wobereka abwerere kusukulu, mimba inkatseka chitseko cha maphunziro kotheratu. Alembi nawonso ankadziŵa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake nkhani zambiri za nthaŵiyo zimathera m'misozi.

M'chaka cha 1994 sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ndipo chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Odziŵa kuŵerenga anachuluka pa nthaŵi imene mabuku a nkhani anali kuchepa, pakuti m'zaka zomwezo masitolo a Malaŵi Book Service anatsekedwa, ndipo osindikiza anatembenukira ku mabuku a m'kalasi amene malonda ake ndi otsimikizika. Malo a buku analandidwa ndi makanema a ku Nigeria, kenaka ndi foni ya m'manja.

M'chigwa chomwechi, m'chaka cha 2003, Theresa Kachindamoto anachoka ku Zomba, kumene anagwira ntchito ya ulembi pa sukulu ya ubusa kwa zaka 27, kudzaloŵa ufumu wa makolo ake. Inkosi imeneyi inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu, ndipo inaimitsa mafumu ang'onoang'ono olekerera mchitidwewo. Nyumba ya Malamulo inaika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati m'lamulo la m'chaka cha 2015, ndipo m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Inkosiyo inamwalira m'chaka cha 2025.

Mfumu ingathe kuchotsa mwana m'banja, ndipo lamulo lingathe kulanga womukwatira, koma mtsikana wobwerera m'kalasi amafunikanso kuona m'maganizo mwake moyo umene akuulimbikira. Amayi ake ndi agogo ake ambiri anauona koyamba mwa munthu wa m'buku. Omvera achikulire amene akusungabe Nthondo, Sikusinja ndi Gwenembe kapena buku la Pacesetters pansi pa sutikesi angachite bwino kulitulutsa, kulikutumula fumbi, ndi kulipereka kwa mdzukulu, ngakhale litakhala lopanda masamba otsiriza.