Mbiri ya Pampu Yothira Mankhwala mu Msana

Ife tonse tidziwa ululu wosatha, umene ulanda munthu tulo ndi khasu lomwe. Tsono tifuna kulongosola njira imodzi imene madotolo anayesa nayo kuuletsa, ndi umo njirayo inapwetekera ena.

Pafupi ndi caka ca 1805, wosanganiza mankhwala wa ku Germany, dzina lace Friedrich Sertürner, anaturutsa mphamvu ya m'utomoni wa duwa la poppy, imene ichedwa morphine. Mankhwala awa aletsa ululu koposa, koma wakumwa ambiri aodzera, nadzimbidwa, ndipo thupi lace liwazolowera.

M'caka ca 1976, ku America, Tony Yaksh ndi Thomas Rudy anaonetsa pa makoswe kuti morphine wothiridwa m'madzi ozinga mtsempha waukuru wa m'kati mwa msana aletsa ululu pomwepo. Madotolo a ku Mayo Clinic anayesa ici pa odwala khansa m'caka ca 1979, ndipo mu 1981 anaika pampu m'thupi la wodwala. Pakuti muyeso umodzi wa m'msana ugwira nchito ya miyeso yonga 300 yakumwa, ambiri anapeza mpumulo.

Pampuyo ndiyo kabokosi kozungulira, kokwana m'dzanja, kosokeredwa pansi pa khungu la mimba. Ndi kapaipi koonda kacokera pamenepo kunka ku msana. Dotolo aidzaza ndi singano pakapita mwezi umodzi kufikira itatu.

Koma cobisika m'thupi cilephera mobisika. Pampu ikaima, kapena kapaipi kakapindika, ululu ubwera ndi ukali, ndipo thupi lozolowera morphine licita thukuta, linjenjemera, lisanza ndi kutsegula m'mimba. Singano ikaphonya pakamwa pa pampu, mankhwala a miyezi atayikira pansi pa khungu tsiku limodzi, napuma wodwalayo pang'ono pang'ono, nthawi zina kufikira imfa. Nthawi zina cotupa cimera pa nsonga ya kapaipi, nicipsinja mtsempha, miyendo nifooka.

M'caka ca 2013 kampani ya Medtronic inabvomera kuti anthu 14 anafa ndi zobvuta za pampu yace ya SynchroMed, ndipo 11 a iwo anafa cifukwa singano inaphonya. Mu 2015 boma la America linamanga nayo pangano ku bwalo la mirandu, kuti ileke kugulitsa pampuyo, koma kwa iwo okha amene dotolo acitira umboni kuti aisowa ndithu, kufikira itakonza mapangidwe ace.

Tiphunzirapo ciani, abale? Pampu siinali yacabe, pakuti inagoneka tulo anthu osagona. Koma cipangizo ciri conse cifuna mlonda, ndipo mlonda woyamba ndiye wodwala mwini. Akati, "Ululu wanga wasintha," tisamuyese wolakalaka mankhwala, kapena wodandaula cabe. Timumvere, timtengere ku cipatala msanga. Pakuti iye amva cimene maso athu sangathe kuona.