Vagrant

Vagrant ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe imathandiza olemba mapulogalamu kukonza virtual machine yogwiriramo ntchito. Virtual machine ndi kompyuta yongoyerekeza yomwe imayenda m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Imakhala ndi operating system yakeyake, koma memory, processor ndi malo osungira mafayilo imabwereka kwa kompyuta yomwe ikuyisunga. Vagrant inalembedwa ndi Mitchell Hashimoto m'chinenero cha Ruby ndipo inatuluka koyamba mu 2010. Kampani ya HashiCorp, yomwe Hashimoto anayambitsa pamodzi ndi Armon Dadgar mu 2012, ndiyo imayisamalira.

Vuto lomwe imathetsa

Munthu watsopano akafuna kuthandiza nawo pa pulojekiti ya mapulogalamu, kukopera khodi kokha sikukwanira. Pamafunikanso seva, database ndi mapulogalamu ena ang'onoang'ono, ndipo chilichonse chiyenera kukhala cha mtundu woyenera. Wina ali pa Windows, wina pa macOS, wina pa Linux, choncho malangizo omwe athandiza mmodzi amakanika kwa mnzake. Ena amagwa ulesi asanalembe ngakhale mzere umodzi. Vagrant imachititsa kuti onse azigwira ntchito pa makina ofanana.

Mmene imagwirira ntchito

Eni pulojekiti amalemba fayilo yotchedwa Vagrantfile n'kuyiika pamodzi ndi khodi. Fayiloyi imafotokoza operating system yofunika, kuchuluka kwa memory ndi mapulogalamu oyenera kuikidwa. Vagrant payokha siyendetsa virtual machine. Imalamula pulogalamu ina, kawirikawiri VirtualBox ya kampani ya Oracle.

Watsopanoyo akalemba lamulo la vagrant up, Vagrant imakopera pa intaneti operating system yokonzedwa kale, yotchedwa box, n'kuyatsa makinawo ndi kuikamo zofunika zonse. Lamulo la vagrant ssh limamulowetsa m'makinamo, vagrant halt limawazimitsa, ndipo vagrant destroy limawafufutiratu. Foda ya khodi imaoneka mbali zonse ziwiri, kotero munthu amalemba pa kompyuta yake monga mwa masiku onse pomwe khodiyo ikuyenda mu virtual machine. Akasokoneza zinthu, amangofufuta makinawo n'kuyambanso, khodi yake ili bwinobwino. Kwa wophunzira, phindu lalikulu ndi limeneli, chifukwa amatha kuyesa zinthu mopanda mantha.

Chitsanzo chimodzi ndi MediaWiki-Vagrant, yomwe inakonzedwera othandiza pa MediaWiki, pulogalamu yoyendetsa Wikipedia. Imagwiritsa ntchito Debian ndi Puppet, ndipo ikamaliza, wiki yoyeserera imatseguka mu browser ya pa kompyuta yomweyo.

Zovuta zake

Virtual machine ndi yolemera. Kukopera koyamba kumadya data yambiri, zomwe si nkhani yaing'ono kwa wogula bandulo, ndipo netiweki ikaduka pakati ntchitoyo imatha kuima. Laputopu ya memory yochepa imayenda pang'onopang'ono kwambiri. Pa makompyuta ena munthu amayenera kuyamba wayatsa Intel VT-x kapena AMD-V mu BIOS, apo ayi makinawo sayaka. Makompyuta a Apple okhala ndi processor ya ARM, omwe anayamba kutuluka mu 2020, anabweretsanso vuto chifukwa ma box ambiri anapangidwira ma processor a Intel ndi AMD.

Pa zifukwa ngati zimenezi mapulojekiti ambiri anayamba kugwiritsa ntchito Docker, yomwe inatuluka mu 2013 ndipo ndi yopepukirapo. Mu 2023 HashiCorp inasintha laisensi ya Vagrant kukhala Business Source License.