M'mene Maphunziro a Injiniya wa Kompyuta Anayambira

Mnyamata kapena mtsikana akalandira malo pa yunivesite kuti aphunzire uinjiniya wa kompyuta, amabwera kwa atate ace ndi pepala la maphunziro amene ayenera kutsiriza asanapatsidwe digiri. Atatewo akaliwerenga amadabwa, pakuti mwanayo anati afuna kuphunzira kompyuta, koma papepalapo palembedwa masamu ambiri, sayansi, magetsi, kulemba mapulogalamu, ngakhale phunziro la makhalidwe oyenera pa nchito. Munthu amene wagwetsa thukuta pansi pa mgodi kuti apeze ndalama za sukulu ali nako kuyenera kwa kufunsa kuti zonsezi nza ciani. Yankho lace liri m'mbiri, cifukwa phunziro liri lonse linalowa papepalapo pa nthawi yace, ndiponso pa cifukwa cace.

Limodzi la maphunziro akale ndilo la masamu a zoona ndi zonama. M'caka ca 1854 George Boole, mphunzitsi wa masamu ku Cork m'dziko la Ireland, anasindikiza buku losonyeza kuti maganizo a munthu angathe kuwerengedwa monga masamu, ngati mau ali onse ayesedwa oona kapena onama. Kwa zaka zambiri anthu sanaone phindu lace. Koma m'caka ca 1937 Claude Shannon, wophunzira wa zaka 21 pa sukulu ya MIT ku America, anaona kuti swichi ya magetsi nayonso iri ndi mbali ziwiri zokha, kuyatsa ndi kuzima, ndi kuti maswichi angathe kulumikizidwa kuti atsate masamu a Boole. Anthu a pa mgodi acidziwa bwino cinthu ici. Cikepe ciyenera kuyenda ngati citseko catsekedwa ndiponso belu lalira. Cimodzi cikasowa, ciime. Kompyuta iri yonse yamangidwa pa malamulo ang'ono otere, ndipo ndico cifukwa cace wophunzira ayamba nao.

Makompyuta oyamba anamangidwa ndi anthu amene analibe digiri ya kompyuta, popeza kunalibe sukulu yoiphunzitsa. Makina ochedwa ENIAC, amene anaonetsedwa ku Philadelphia m'caka ca 1946, anali ndi mavalavu pafupi-fupi 18,000 onga a m'wailesi zakale, ndipo analemera matani 30. Atsogoleri a nchitoyo anali John Mauchly, wa sayansi, ndi Presper Eckert, injiniya wa magetsi. Akazi 6 amene anayamba kuuza makinawo zocita anatero mwa kulumikiza zingwe ndi kutembenuza maswichi, kotero kuti anayenera kudziwa m'kati mwace monga fitala adziwa pampu yace. M'caka comweco munacitika maphunziro a masabata 8 pa yunivesite ya Pennsylvania. Mmodzi wa obwera anali Maurice Wilkes wa ku England, amene atabwerera kwao anamanga makina ochedwa EDSAC, nayamba kugwira nchito m'caka ca 1949. Mu 1953 yunivesite ya Cambridge inatsegula maphunziro a kompyuta a caka cimodzi, koma anali a anthu okhala ndi digiri kale.

Masamu akulu ndi sayansi zinakula pa cifukwa cina. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse kunaoneka ku America kuti nchito zatsopano zobvuta, monga radar, zinatsogoleredwa kawiri-kawiri ndi anthu a sayansi, pakuti mainjiniya ambiri anaphunzira kugwira makina a nthawi yao koma osazama m'masamu. M'caka ca 1955 bungwe lotsogoleredwa ndi L. E. Grinter linalangiza kuti masukulu a uinjiniya aonjeze masamu ndi sayansi. Nzeru ya cilangizoco inaoneka msanga. Transista, imene inapezeka mu 1947, inali kulanda malo a valavu, ndipo mu 1958 Jack Kilby anaonetsa njira yoikira zipangizo zingapo pa kacidutswa kamodzi. Amene anadziwa valavu yokha anatsala m'mbuyo, koma amene anadziwa malamulo a magetsi anatha kuphunzira catsopanoco.

Tsono nchito imene inali imodzi inayamba kugawika pawiri. Mu 1957 kunaturuka cinenero ca kompyuta cochedwa FORTRAN, ndipo munthu anatha kulemba pulogalamu osaona waya ndi mmodzi yemwe. Yunivesite ya Purdue inatsegula dipatimenti ya sayansi ya kompyuta mu 1962, ndipo mu 1968 bungwe la ACM linasindikiza ndondomeko ya maphunziro ace. Potero kunakhala olemba mapulogalamu kwina, ndi amisiri a magetsi kwina, ndipo pakati pao panatsala mpata. Kunafunika munthu wodziwa mbali zonse ziwiri, wokhoza kuweruza ngati nchito yakuti icitidwe ndi waya kapena ndi pulogalamu. Digiri yoyamba ya uinjiniya wa kompyuta ku America inakhazikika mu 1971 pa yunivesite ya Case Western Reserve mu mzinda wa Cleveland. M'caka comweco kampani ya Intel inaturutsa kacidutswa kochedwa 4004, kokhala ndi matransista 2,300, kamene kanali mtima wa kompyuta wathunthu. Kuyambira pamenepo kompyuta inatha kulowa m'makina ena, monga galimoto, pampu ndi makina a cipatala.

Panatsala nkhani ya manja. Mu 1978 Lynn Conway anaphunzitsa kalasi pa MIT m'mene ophunzira anajambula okha tizidutswa tao. Zojambulazo zinatumizidwa ku fakitale, ndipo patapita masabata owerengeka tizidutswato tinabwera kuti eni ace atiyese ngati tigwira nchito. Mu 1980 iye pamodzi ndi Carver Mead anasindikiza buku la njira imeneyi, ndipo masukulu ambiri analitsata. Panali phunziro lalikuru pamenepa: mayeso a papepala angakhululukire munthu wolakwa pang'ono, koma makina sakhululuka.

Phunziro la makhalidwe ndi citetezo liri ndi mbiri yacisoni. Pakati pa 1985 ndi 1987 makina a cipatala ochedwa Therac-25, ociritsa khansa ndi ceza camphamvu, anabvulaza odwala pa ngozi 6 zodziwika ku America ndi ku Canada, ndipo ena a iwo anamwalira. Makina a mtundu womwewo amene anayamba kupangidwa anali ndi zochinjiriza za magetsi zoletsa ceza kupyola muyeso. Pa makina atsopanowo zochinjirizazo zinacotsedwa, ndipo citetezo cinasiyidwa m'manja mwa pulogalamu, imene inali ndi zolakwa zobisika. Kunali ngati kucotsa mabuleki a cikepe ndi kukhulupirira belu lokha. Kufikira lero nkhaniyi iphunzitsidwa m'mayunivesite ambiri, kuti wophunzira adziwe kuti pa nchito yace papacikika miyoyo ya anthu amene sadzawaona konse.

Zonsezi zinasonkhanitsidwa mu 2004, pamene mabungwe a ACM ndi IEEE analemba pamodzi ndondomeko ya digiri imeneyi, naikonzanso mu 2016. Ku America bungwe la ABET, limene liyesa masukulu a uinjiniya, lifuna kuti pa zaka 4 za digiri, nthawi yolingana ndi caka cimodzi ipite ku masamu ndi sayansi, ndi yolingana ndi caka ndi theka ku uinjiniya weni-weni. Kawiri-kawiri wophunzira ayamba ndi masamu, sayansi ndi kulemba mapulogalamu. Kenaka aphunzira mayendedwe a magetsi ndi masamu a Boole. Pambuyo pace aphunzira mamangidwe a m'kati mwa kompyuta ndi m'mene iyendetsera makina ena. Pa caka cotsiriza iye ndi anzace apatsidwa nchito yaikuru yoti aiganize, aimange, naionetse iri kuyenda.

Cotero atate amene agwira pepala lija asamuyese mwana wao wotaya nthawi akamuona ali kulimbana ndi masamu usiku, kompyuta iri cozima pambali. Makina amene adzawagwira pa sukulu adzakalamba msanga, monga anakalambira mavalavu a ENIAC, koma masamu a Boole a mu 1854 akali kugwira nchito m'foni iri yonse. Ngati mwanayo adzapatsidwa tsiku lina nchito yokonza makina otsitsa anthu mu mgodi, okwera cikepeco adzafuna kuti akhale munthu amene anatsiriza maphunziro onse a papepalapo, osadumpha ndi limodzi lomwe.